Kutsatira belo la fodya kuchokera ku Kasungu mpaka pa Shamrock

Mukafika pa Chinkhoma m'mwezi wa Meyi, choyamba kukulonjerani ndi fungo. Ndi fungo la fodya wouma, lotsekemera pang'ono koma lokanda pakhosi, ndipo likakulowani m'malaya silichoka mpaka madzulo. Malole odzaza mabelo andanda m'mbali mwa msewu wa M1, ovindikiridwa ndi matenti, madalaivala ndi anyamata awo atayala makatoni kunsi kwa galimoto kudikira tsiku lotsitsa. Amayi a nsima, a mbatata yootcha ndi a mtedza wophika akuzungulira lole ndi lole. Alimi simungawasowe. Akhala timagulu pamthunzi, mapepala a mabelo ali m'manja, ndipo nkhani yawo ndi imodzi: mitengo ya chaka chino ndi fodya wobwezedwa.

Ulendo wanga ndinauyambira pano mwadala. Ndinkafuna kuyenda njira imene fodya wa chigawo chino ankayenda m'masiku a agogo athu, kufikira nditaima pafupi ndi chitsulo chimene chinkamukoka. Ku Kasungu kulibe njanji, ndipo sikunakhalepo njanji chiyambire. Mwana wa ku Chamama, ku Santhe, kwa Chulu kapena ku Nkhamenya atha kulemba mayeso a fomu 4 asanaonepo sitima ya pamtunda ndi maso ake. Komabe kwa zaka zambiri thukuta la boma lino linkakwera sitima. Fodya ndi mtedza wa kuno zinkatsikira kunyanja ya mchere m'mabogi okokedwa ndi injini zoyendera moto ndi madzi, pamene eni mbewuzo sanamvepo n'kulira kwake komwe.

Mukapatuka pamsewu waukulu n'kulowa m'misewu yafumbi, dziko limangoti see, lathyathyathya mpaka kumene maso alekezera, phiri la Kasungu lokha lili njo pakati. Zigafa zambiri zatsala zopanda kanthu, mikangala itaunjikidwa pambali. Pakhomo pena amayi akhala pamphasa akusankha masamba ndi kumanga ndindi, anyamata awiri akudinda belo pa jeke, wina akupotokola chitsulo, wina akuwongola chiguduli. Mitengo yachilengedwe yatsala apo ndi apo, kumanda ndi m'mphepete mwa madambo. Yambiri inapita ku zigafa ndi ku mabalani.

Atsibweni anga, amene akalambira pa fodya, ananditengera pa balani lakale la njerwa lotsala pa esiteti ina. Ndi nyumba yaitali, yopanda mawindo, yokhala ndi ng'anjo kunja. Anandionetsa mmene moto unkayakira pa ng'anjopo, kutentha n'kumalowa m'mapaipi achitsulo oyalidwa pansi mkati mwa balani, kuzungulira, kenako utsi n'kukatulukira pa chumuni. Tsamba silikhudzana ndi lawi kapena utsi, limangomva kutentha kwa mapaipi, n'chifukwa chake fodya wa fuluu amatuluka wachikasu. Anagogoda khoma ndi ndodo yawo nati, "Mphwanga, balani sagonera. Ukangowodzera moto n'kutsika, tsamba lada. Ukachulutsa nkhuni, lapserera. Wosonkhezera moto ndiye amapanga fodya, koma pa belo pamalembedwa nambala ya bwana." Mawu amenewa ndinayenda nawo njira yonse.

Fodya wogulitsa analowa m'chigawo chapakati m'zaka za m'ma 1920, pamene A. F. Barron ndi R. W. Wallace anatsegula minda ku Mbabzi ku Lilongwe n'kuyamba kugawira anthu akumudzi mbewu ya chikopa kuti adzawagule pokolola. Mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board yoti izilemba alimi m'kaundula ndi kuyang'anira misika, ndipo ADMARC ya 1971 inatuluka mumzere wa mabungwe amene anayambira pamenepo. Fodya wa fuluu anakhazikika ku Kasungu cha m'ma 1950 kudzera mu Colonial Development Corporation, ndipo ufulu utabwera anakula kwambiri pansi pa Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority ndi maesiteti a General Farming. Mlimi wamng'ono analoledwa kulima bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. M'zaka zimene ine ndikutsatira, kuyambira 1935 mpaka cha m'ma 1970, kunalibe okushoni ya Chinkhoma, ya Kanengo kapena ya Mzuzu. Pafupifupi fodya yense wogulitsa wa m'dziko muno ankakathera ku Limbe.

Kuchoka pa Chinkhoma tinawoloka Bua, kudutsa Madisi, Mponela ndi Lumbadzi, n'kufika ku Kanengo. Apa ndi pamene munthu wochokera ku Kasungu amayamba kuona njanji, ikulowa pakati pa nyumba zikuluzikulu zosungiramo fodya ndi nkhokwe za chimanga. Koma njanji imeneyi ndi yatsopano. Inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, n'kupitirira ku Mchinji pambuyo pake, ndipo pofika nthawiyo injini za nthunzi zinali zitapuma kale. Wofuna pamene belo la ku Kasungu linkakumana ndi utsi wa sitima ayenera kutsetsereka ulendo wina wa makilomita pafupifupi 100, kuloza kunyanja.

Ku Salima kunatentha monga mwa nthawi zonse. Ndinaima pafupi ndi siteshoni kuyang'ana zitsulo ziwiri zija zikung'anima padzuwa, zotalikirana mamita 1.067, mulingo womwewo wa njanji za ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Njanji yochokera ku Blantyre inafika kuno mu 1935 n'kuimira pomwepa kwa zaka zoposa 40. M'zaka zonsezo Salima ndiye anali khomo la chigawo chapakati. Malole ochokera ku Lilongwe, Dowa, Mchinji ndi Kasungu ankatsika mapiri ndi fodya, mtedza ndi chimanga, pobwerera n'kukwera ndi mchere, nsalu, palafini, malata ndi njinga. Belo lililonse linkatsitsidwa ndi manja, kusenzedwa pamsana, n'kukwezedwa m'bogi ndi manja. Lero munthu akaima pamenepa amamva njinga za kabaza ndi oitanira minibasi, ndipo ndi okalamba okha amene angakulozereni kuti utsi wakuda unkaonekera kuti sitima ikamachokera ku Chipoka.

Kuchoka apo msewu ndi njanji zimayenda moyandikana, pena kusiyana, pena kukumana: Chipoka, kumene katundu wa sitima ya pamtunda ankalowa mu sitima za panyanja monga Ilala, kenako Mtakataka, Golomoti, mpaka Balaka. Pamtunda wautali chonchi injini ya nthunzi sinkangothamanga. Inkaima m'masiteshoni kumwa madzi, wosonkhezera moto n'kupezerapo mpata wogwedeza phulusa ndi kukokera malasha pafupi. Kum'mwera kwa Balaka kuli Nkaya, pamene mu 1970 panapatuka njanji yopita ku Nayuchi ndi Nacala. Ife tinadzera Zalewa n'kulowa mu Blantyre madzulo.

Limbe ndi tauni yobadwa ndi njanji ndi fodya. Mu 1908, chaka chimene sitima yoyamba inafika ku Blantyre, Imperial Tobacco Company inatsegula fakitale yake kuno, ndipo mu 1938 okushoni inayamba. Likulu la njanji ndi malo okonzera injini zinalinso konkuno. Belo lochokera ku Salima linkatsikira pano, kugulitsidwa, kumasulidwa, kukonzedwanso m'fakitale, kenako n'kukweranso sitima yopita ku Beira. Pa siteshoni ya Limbe anasungapo kainjini kakang'ono kotchedwa Thistle, nambala 1 ya Shire Highlands Railway. Anthu amadutsa ndi zawo, ena osacheuka n'komwe, chonsecho mbiri ya njanji ya dziko lino inayambira pa kachitsulo kameneka ndi mnzake Shamrock, nambala 2. Mnzakeyo ndi amene ndinkamufuna, ndipo ali ku Chichiri.

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Museum of Malawi ili pa Chichiri, kufupi ndi Civic Centre, mukapatuka pamsewu wa Masauko Chipembere. Inatsegulidwa mu 1966. Musanalowe n'komwe m'nyumbamo, pabwalo pali zoyendera zakale: basi ya nthawi ya Nyasaland, galimoto yozimitsira moto ndi zitsulo zina zoyendera nthunzi. Shamrock ali pakati pa zimenezi, injini ya 1902 yopangidwa ndi kampani ya W. G. Bagnall ku Stafford, ku England.

Chinandidabwitsa poyamba ndi kuchepa kwake. Ndi mawilo anayi okha, awiri uku awiri uku, olumikizidwa ndi mkono wachitsulo mbali iliyonse. Alibe ngolo yakumbuyo yonyamulira madzi ndi malasha monga zinalili injini zazikulu. Thanki yake yamadzi yakhala pamwamba pa boyila, yopindikira mbali zonse ziwiri, kuti kulemera kwa madziwo kuzipondereza mawilo pa njanji. Kutsogolo kuli chumuni, ndipo kunsi kwake kuli chitseko chozungulira chimene ankatsegula pochotsa mwaye. Ndinayendetsa dzanja pa mitu ya misomali yolumikizira zitsulo, yonse yozungulira, yondandalikidwa m'mizere. Msomali uliwonse anaulowetsa uli wofiira ndi moto n'kuukhoma ndi nyundo. Ndinawerama kuona m'mphepete mwa gudumu, pamene pali mlomo wogwira njanji kuti isaphonye. Chitsulo chinali chitatentha ndi dzuwa moti sindinachedwetsepo dzanja.

Kumbuyo kuli kachipinda ka dalaivala ndi wosonkhezera moto, kopanikiza kwa anthu awiri akuluakulu. Nditasuzumiramo n'kuona pakamwa pa ng'anjo, ndinazindikira kuti atsibweni anali atandifotokozera kale injiniyi asanaione. Sitima ya nthunzi ndi balani loyenda pa mawilo. Moto umayaka kumbuyo, kutentha kumalowa m'mapaipi odutsa mkati mwa boyila, utsi n'kukatulukira pa chumuni kutsogolo. Kusiyana kwake n'kwakuti mapaipiwo azunguliridwa ndi madzi, osati masamba. Madzi akawira, nthunzi imasowa kotulukira n'kuyamba kukankha. Dalaivala akatsegula chogwirira, nthunzi imalowa m'masilinda, kukankha pisitoni uku ndi uku, pisitoni n'kuzunguza mawilo. Nthunzi yogwira kale ntchito imaponyedwa m'chumuni, ndipo potuluka imakoka mpweya kudzera pa ng'anjo. Ndiye kuti injini ikamalimbana ndi chikweza, imadzikolezera yokha moto. Phokoso lija ana amatsanzira posewera sitima limachokera pamenepa.

Ntchito yake sinali yamasewera. Moto ankaukoleza kudakali mdima, maola angapo sitima isananyamuke, chifukwa boyila yozizira ukaifulumiza zitsulo zimaphwanyika. Mkono uliwonse ndi polumikizira paliponse pankafuna mafuta. Wosonkhezera moto diso lina linkakhala pa lawi, lina pa kagalasi koonetsa mulingo wa madzi, pakuti madzi akatsika mpaka denga la ng'anjo kuonekera, boyila itha kuphulika n'kupha onse. Mvula ikagwa kapena mame akanyowetsa njanji, mawilo ankangozungulira pamodzimodzi, ndipo ankathira mchenga kuti agwire. Pakapita masiku ankazimitsa moto n'kutsuka mkati mwa boyila, kuchotsa matope ndi zokakamira za m'madzi a m'mitsinje. Zaka zoyambirira injini zinkadya nkhuni, ndipo panali anthu ongodula ndi kuunjika nkhuni m'mbali mwa njanji. Malasha anabwera pambuyo, ena ochokera ku Moatize njanji ya kumeneko itatsegulidwa mu 1949.

Shamrock ndi Thistle anafika kuno njanji isanakhalepo. Nthawi imeneyo katundu wochokera kunja ankatsikira pa Chinde, pamathiriro a Zambezi, kukwera sitima za pamtsinje kudzera Zambezi ndi Shire, kenako amtengatenga n'kumusenza pamutu kukwera naye mapiri mpaka ku Blantyre. Madzi a Shire anali akuchepa chaka ndi chaka, sitima za pamtsinje zikutitimira mumchenga, ndipo azungu a minda ya khofi, thonje ndi fodya ankadandaula kuti amtengatenga akuwalanda antchito. Ntchito yomanga njanji inayamba mu 1903, mwini maganizo ake wamkulu ali Eugene Sharrer, ndipo inatha mu 1908: mamailosi 113 kuchokera ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje, mpaka ku Blantyre. Tiinjini tiwiriti ndi timene tinkakoka zitsulo, miyala ndi antchito kupita kumene njanji yalekezera, tsiku ndi tsiku kusunthira kutsogolo.

Amene anayendapo njira ya kum'mwerayi akudziwa kuti si yofewa. Kuchokera ku Chiromo njanji imatsata chigwa cha Ruo, kukhotakhota m'mapiri kudzera Sankhulani, Thekerani, Sandama ndi Luchenza, kukwera mamita oposa 1,000 isanafike ku Limbe. Matanthwe onsewo anaswedwa ndi anthu, dothi anatuta ndi anthu, m'dziko lotentha lodzaza malungo. Kampani yomanga inalipidwa ndi malo: maekala 3,200 pa mailosi iliyonse, onse pamodzi 361,600, malo a makolo a anthu omwewo ankakumbawo.

Katundu atachuluka panafunika injini zamphamvu. Kunabwera injini zotchedwa Rhodes ndi Milner, kenako zikuluzikulu za mawilo asanu ndi atatu okoka zopangidwa ndi Hawthorn Leslie, ndipo nkhondo yachiwiri itatha kunafika za gulu la G, zimene anthu achikulire a ku Balaka ndi Luchenza amazikumbukira. Zimenezi ndi zimene zinkakoka mabogi a fodya wa chigawo chapakati pamtunda wautali. Tiinjini tating'ono tinatsala pa ntchito ya m'siteshoni, kukankha ndi kusanja mabogi, kulumikiza ili ndi ilo kuti sitima yaikulu ipeze zonse zili m'malo. Ndi ntchito yosaoneka, koma popanda iyo palibe belo likanachoka pa Limbe.

Njira yopita kunyanja ya mchere inalumikizika pang'onopang'ono. Mu 1915 njanji inachoka ku Port Herald kufika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi. Mu 1922 Trans-Zambezia Railway inachokera ku Beira kufika tsidya lina la mtsinjewo. Kwa zaka 13 katundu ankatsitsidwa, kuwoloka pamadzi, n'kukwezedwanso, kufikira mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3.6, unatsegulidwa mu 1935, chaka chomwe njanji inafika ku Salima. Kuyambira pamenepo bogi linkatha kuchoka m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi mpaka padoko la Beira osatsika pa njanji.

Nditaima pambali pa Shamrock sindinafune kudzinamiza kuti sitimayi inangobweretsa zabwino. Katswiri wa mbiri Leroy Vail analemba mu 1975 kuti njanji za Nyasaland zinathandiza kusaukitsa dzikoli, ndipo mfundo yake ndi yovuta kuitsutsa. Ngongole za Trans-Zambezia Railway ndi za mlatho wa Zambezi zinasenzetsedwa boma la Nyasaland, ndiye kuti okhoma msonkho, ndipo ndalama zimene zikanamanga sukulu, zipatala ndi misewu zinkapita kukabweza chiwongoladzanja. Mitengo yonyamulira katundu inali yokwera kotero kuti mbewu zodula zokha, fodya, tiyi ndi thonje, ndi zimene zinkapindula. Mlimi wa chimanga wa kutali ndi njanji analibe pogulitsa pomupatsa phindu. N'chifukwa chake midzi ya ku Kasungu, monga ya ku Mzimba ndi Nkhata Bay, inkatumiza anyamata ake ku Halale ndi ku Joni. Kamuzu Banda mwiniwake anachoka ku Kasungu cha m'ma 1915 wapansi, kulowera ku Southern Rhodesia, pamene sitima inali itatha kale zaka zingapo ikuyenda pakati pa Nsanje ndi Blantyre. Kulima fodya kumene Kasungu wakakamira mpaka lero kuli ndi mizu yake ina mu mitengo ya sitima ya nthawi imeneyo.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi nkhani ya maina. Injini tikuzidziwa maina ake, kampani yozipanga, ngakhale chaka. Nanga amene ankazisonkhezera moto? Kwa zaka zambiri udalaivala, ukulu wa siteshoni ndi umisiri wa m'magalaja zinali ntchito za azungu ndi amwenye. Mmalawi ankagwira fosholo, kutsuka boyila, kutuluka m'ng'anjo ali bii ndi mwaye, kulumikiza mabogi ataima pakati pa zitsulo zimene zinadula anthu ambiri zala ndi miyendo, ndi kuyenda wapansi m'njanji ndi nyundo kumvetsera polira molakwika. Anthu amenewa anaphunzira injini ndi khutu ndi dzanja, ena mpaka kuposa mabwana awo, ndipo mu 1960 ananyanyala ntchito pofuna malipiro oyenera. Ufulu utayandikira anayamba kukhala pampando wa dalaivala, koma nthawi ya nthunzi inali ikutha. Injini za dizilo zinayamba kulowa m'zaka za m'ma 1960, ndipo m'zaka za m'ma 1970 moto unazima m'injini zomaliza. Zambiri zinadulidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha.

Amene anaganiza zopatula Thistle ndi Shamrock kuti asadulidwe anachita chinthu chanzeru, ndipo amene akhala akuwasamalira ndi ndalama zochepa ayenera kuthokozedwa. Koma chitsulo chilichonse chokhala panja chili pankhondo ndi nyengo. Mvula ya Blantyre ndi chiperoni zimalowa pa chumuni, madzi n'kukhala m'kati pamene pali mwaye wakale, ndipo dzimbiri limayambira mkati, kumene diso silifika. Penti imabisa zambiri. Injini itha kuoneka yowala kunja, pansi pa thanki patabooka. Palinso vuto la ogula zitsulo zakutha, amene achititsa kuti anthu azizula ngakhale zomangira njanji yamoyo. Mkuwa wa pa injini yakale ukangochoka, palibe sitolo imene mungakaupeze.

Zofunika si zodula monga ena amaganizira. Denga la malata pamwamba, chivindikiro pa chumuni, pansi pokhetsa madzi kuti mawilo asakhale m'chinyontho, kupala dzimbiri ndi kupaka penti yoyenera pakapita zaka zingapo, girizi pa mikono ndi polumikizira. Ophunzira za umakaniko ndi kuwotcherera ku Soche Technical College kapena ku MUBAS, imene ili pafupi pomwepo, atha kuphunzira zambiri pa ntchito yotere atayang'aniridwa ndi akatswiri a zinthu zakale. Kuyatsanso moto mu boyila ya zaka zoposa 120 ndi nkhani ina, yofuna ndalama zambiri ndi kuyeza kosamala, ndipo ine sindikuona kuti n'koyenera kuyambira pamenepo. Tiyambe ndi kuonetsetsa kuti chilipochi chisathe.

Anzathu oyandikana nawo anapita patsogolo pa nkhaniyi. Ku Livingstone, ku Zambia, malo akale a Zambezi Sawmills Railway anawasandutsa nyumba yosungiramo sitima, ndipo kumeneko injini ya nthunzi yakhala ikukoka alendo mpaka pa mlatho wa Victoria Falls, iwo n'kumalipira ndalama zakunja. Ku Bulawayo kuli Railway Museum yodzaza injini ndi mabogi akale. Ku Maputo anakonza malo otere mkati mwa siteshoni yaikulu. Ife zathu ndi zochepa, n'chifukwa chake sitingakwanitse kutaya ngakhale imodzi.

Ndikuona kuti makampani a fodya ali ndi ngongole pano. Malonda awo anakulira pamsana pa njanji imeneyi, kuyambira fakitale ya 1908 mpaka okushoni ya 1938, ndipo mtengo wa denga limodzi ndi wochepa poyerekeza ndi zimene zimagulitsidwa pa Chinkhoma m'mawa umodzi. Oyendetsa njanji lero, amene anailandira kuchokera ku Malawi Railways mu 1999, nawonso ndi olowa chuma cha tiinjini timeneti. Ndipo pambali pa injini pakufunika chikwangwani cha m'Chichewa chofotokoza zonse: mmene inkayendera, chimene inkanyamula, kumene katunduyo ankachokera, ndi anthu amene anaswa matanthwe a Ruo ndi kugwira fosholo. Mwana wa tenanti wa ku Kasungu akaima pamenepo adziwe kuti nkhaniyi ndi ya kwawo.

Ndili pomwepo panafika ana asukulu ndi aphunzitsi awo. Anathamangira basi yakale, kenako n'kuunjikana pa injini, wina akugogoda thanki kuti amve kulira, wina akuyeza gudumu ndi msinkhu wake. Kamtsikana kena kanafunsa, "Aphunzitsi, nanga petulo ankathira pati?" Aphunzitsiwo analoza pakamwa pa ng'anjo n'kuyamba kufotokoza za moto ndi madzi, ndipo ana anakhala chete kumvetsera kuposa mmene amachitira m'kalasi. Sayansi ya kutentha ndi mphamvu, mbiri ya atsamunda ndi nkhani ya chuma cha dziko zonse zili pa chitsulo chimodzichi. Aphunzitsi a ku Kasungu, Dowa ndi Mchinji, mukakonza ulendo wa ana wopita ku Blantyre, musathere ku sitediyamu ndi m'masitolo a Chichiri. Museum ili pafupi pomwepo.

Chitsulo chitha kudikira zaka zina zingapo, koma anthu sadikira. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 akusonkhezera moto mu 1965 lero wapitirira zaka 80. Alipo ena ku Limbe, Bangwe, Luchenza, Balaka, Salima ndi Nsanje, ndipo alipo amayi amene ankawaphikira ndi kuchapa maovolosi awo amwaye. Ngati m'banja mwanu muli agogo amene anagwirapo ntchito ku njanji, kapena amene ankakweza mabelo pa Salima, musadikire maliro kuti mudzamve mbiri yawo. Pitani chaka chino, khalani nawo pakhonde, tsegulani foni yanu ijambule mawu, muwafunse maina a anzawo, malipiro awo, ndi mmene ankakwerera chikweza cha Thekerani ndi mabogi odzaza. Mukatero sungani bwino, ndipo kope lina mukapereke ku National Archives ku Zomba kapena ku Museum ya ku Chichiri.